Makwerero a Malemu Lufeyo

Sendezani mipando kufupi, nkhani iyi siifuna kukuwa. Inachitikira kumtunda kwa Dedza, kumene nkhalango ya paini imathera ndipo minda ya kachewere imayambira. Amene munagonako mwezi wa Juni mukukudziwa kuzizira kwake. Madzi ogona panja m'beseni amadzuka ali ndi kakhungu kolimba ngati galasi, ndipo nkhungu ikatsika phiri, ngakhale masana, mnzako umamumva mawu okha osamuona pakamwa.

Kumeneko kunali nyumba ya Lufeyo, wocheka matabwa, ndi mkazi wake Dolika, ndi kamwana kawo kakakazi, Tiyanjane, kamene kanali katangoyamba kuyenda. Malowo anachita kugula, sikunali kwawo kwa mwamuna kapena kwa mkazi. Nyumbayo inali ya njerwa zootcha koma zomangira dothi, yofolera malata. Chimene chinkaisiyanitsa ndi zinzake chinali ngalande zachitsulo m'mphepete mwa denga, zimene Lufeyo anatola pamene ankagumula nyumba zakale za m'nkhalango. Madzi onse a padenga ankayenda m'ngalandemo, n'kutsika ndi paipi ya pangodya ya chipinda chogona, n'kugwera mumgolo.

Anthu ankamuseka. "Kodi a Lufeyo, mvula yakwanu imafuna kuilimira msewu?"

Iye ankangomwetulira. Ankati nyumba yomangira dothi imagwetsedwa ndi madzi a padenga pake pomwe, akamagwera pamaziko chaka ndi chaka.

Koma paini ndi mtengo wosachita manyazi. Masamba ake opyapyala ngati singano ankauluka ndi mphepo n'kudzadza ngalande zija. Choncho mvula ikamatha, kuzizira kusanalimbe, ndiponso dzinja likamayandikira, Lufeyo ankatulutsa makwerero ake aatali amene anakhoma yekha. Ntchito yake inali ndi kachitidwe kake. Ankayamba wagogoda paipi ndi chala. Ikalira kuti ngwee, ndiye kuti ili bwino, ikangoti du, ndiye kuti yatsekeka. Kenako ankaponda mtanda woyamba n'kufunsa:

"Mwagwira, make Tiya?"

"Ndagwira, kwerani."

"Ndiye yang'anani pansi, zinyalala zingakuthireni m'maso."

Ndipo Dolika ankayang'anadi pansi, masamba ovunda akumugwera pamapewa. Zaka zonsezo anagwira makwerero, koma sanaonepo chimene manja a mwamuna wake ankachita pamwambapo.

Anali munthu wotero Lufeyo. Atangokwatirana, Dolika anamulukira chipewa cha ulusi wofiira, koma poti anali akuphunzira kumene kuluka, chinatuluka chothina, chongokhala pansonga pa mutu ngati chivindikiro cha ketulo. Lufeyo anachivala choncho nyengo yonse yozizira, anzake akufa nazo nseko, mpaka tsiku lina anati chatayika. Dolika sanafunse zambiri. Mumtima anati mwamunayo wapirira mokwanira.

Tsiku la tsokalo linali la mwezi wa Meyi, kumwamba kuli mbee. Lufeyo anali pamwamba pa makwerero, atangoyamba kumene ntchito pangodya ya paipi ija, pamene anzake ocheka nawo matabwa anafika akuthamanga. Mtengo umene anadula unakodwa pa unzake, unali kulendewera, ndipo wodziwa kutsitsa mitengo yotero anali iye. Anatsika, napukuta manja pabuluku.

"Makwerero musachotse, make Tiya. Ndikubwera ndidzamalize."

Anabweradi madzulo, koma atamunyamula pathabwa. Mtengo uja unatsika asanaulambalale.

Maliro atatha, a Yotamu, mkulu wake wa malemu, amene ankakhala kutauni, anasonkhanitsa macheka, nkhwangwa ndi chikwanje. Anagwetsanso makwerero aja pakhoma, namanga zonsezo ndi waya kuseri kwa khitchini. Analankhula mokweza kuti ndi oyandikana nawo amve.

"Alamu, mwambo mukuudziwa. Zida za malemu sizikhudzidwa, ntchito imene anaisiya siipitirizidwa, mpaka titadzameta kachiwiri n'kukusudzulani. Wochita liuma, zimene zimuonekere asatiloze chala."

"Nanga mudzabwera liti, alamu? Ngalandezi anazisiya pakati."

"Tidzabwera. Zamaliro sitichita mothamanga."

Dolika anawerama. Sanali munthu wa makani, ndipo mwambo ankaulemekeza.

M'nyumba yoyandikana nayo munali a Nankhoma, mayi achikulire ogulitsa kachewere kumsewu. M'mawa uliwonse ankabwera ndi phale kudzapala moto, chonsecho kwawo utsi ukufuka. Ankangofuna kuona ngati Dolika wadzuka. Pochoka ankaiwala dala kachewere pang'ono pakhonde.

Juni atafika, inayamba mvula ya mawawa, ija yosagunda yosang'anima, yongonyowetsa usana ndi usiku. M'mawa wina a Nankhoma anasuzumira mumgolo.

"Make Tiya, mgolo wanuwu wabooka?"

"Sunabooke, amayi. Madzi ndi amene sakutsika."

Pansi pa mgolo panali pouma, kangaude atamangapo kale. A Nankhoma anayang'ana kudenga kumene kunkanyezimira ndi madzi.

"Mvula yonseyi, ngakhale dontho? Ndiye akumwa ndani?"

Anafuna kuseka, koma analeka.

Madziwo sankamwedwa ndi munthu. Ankadzadza m'ngalande, n'kusefukira chakumbuyo, n'kutsetsereka pakhoma mpaka pamaziko, pangodya yeniyeni pamene Dolika ndi mwana ankatsamiritsa mitu pogona. Kukacha ndi chisanu, madzi otsala m'ngalandemo ankalimba, chitsulo n'kumalemera, n'kuyamba kukoka nsonga za malata. Dolika anapempha amuna a pafupi kuti wina akwere. Uyu anati msana, uyo anati makwerero ake ndi aafupi. Onse ankalankhula akuyang'ana kumbali. Palibe amene ankafuna kumaliza ntchito imene wakufa anaisiya pakati.

Kugogoda kunayamba madzulo ena, dzuwa litangobisala, Dolika akuyatsa nyali.

Du. Du.

Anaima ndi machesi m'manja. Anaganiza kuti ndi chitsulo chikuzizira. Koma chitsulo chozizira chimathetheka, sichidikira yankho. Uku kunali kugogoda kwa munthu amene wagogoda n'kutchera khutu. Anatsegula chitseko, nazungulira kungodya. Kunalibe munthu. Kunali nkhungu yokha ndi galu wa a Nankhoma, atakhala pamatope, atayang'ana pamene paipi inali. Sankauwa. Ankagwedeza mchira.

Dolika anabwerera m'nyumba chammbuyo, nakhoma chitseko, nafungatira mwana. Sanauze munthu. Koma madzulo otsatira kunagogodanso, ndi enanso, ndipo pamalo otere nkhani siifuna miyendo. Posakhalitsa amayi opita kuchitsime anayamba kulambalala nyumbayo, ana n'kumaitanidwa dzuwa lisanalowe.

Kenako panaoneka mabowo. M'mawa wina, m'matope a pangodya paja munali mabowo awiri, akuya ndi ofanana, otalikirana ngati miyendo ya makwerero. Dolika anathamangira kuseri kwa khitchini. Makwerero anali pomwepo, omangidwa ndi waya. Anakwirira mabowo aja ndi phazi, napondaponda. M'mawa mwake anali atabwerera.

A Nankhoma atawaona anagwira pakamwa.

"Mwana wanga, bwera uzigona kwathu. Mphasa ilipo."

"Zikomo amayi. Koma ndikachoka usiku umodzi, ndidzapeza anthu atagamula kale kuti nyumbayi yandikana."

"Iwe, sukuopa?"

"Ndikuopa. Koma ndiopera momwe muno."

Masana ena, nkhungu itaphimba msewu, panaima bambo wina wachilendo wa njinga yodzadza nkhuni. Sanali wa kumeneko, zamaliro sankazidziwa. Anaodira pampanda ali wefuwefu.

"Pepani mayi, nyumba ya ngalande padenga ndi ino?"

"Ndi ino."

"Bambo wina kumtundaku andituma. Akuti ndifunse ngati madzi atsika."

Dolika anagwira mtengo wa mpanda.

"Bambo wake wotani?"

"Aa, nkhungu imeneyi munthu ungamuone? Njinga inandikanika pachitunda paja, ndinangomva yapepuka, wina akukankha kumbuyo. Sanalankhule zambiri. Ankanunkhira utuchi wa paini. Ndinangowamvera chisoni kuti kuzizira konseku alibe chipewa. Nditafika pamwamba kuti ndithokoze, ndinapeza abwerera kale. Ndiye ndikawapeza mawa ndikati chiyani?"

"Mukati sanatsike," anatero Dolika, mawu akutuluka ngati a munthu wina.

A Nankhoma, amene ankamvera ali pakhomo pawo, analowa m'nyumba natseka chitseko masanasana. Koma patapita kanthawi anatulukanso ndi tiyi m'kapu, nam'patsa Dolika.

Sabata yomweyo khoma linang'aluka. Mng'aluwo unayambira pamaziko, n'kukwera mokhotakhota motsata njerwa mpaka pazenera. Poyamba unkalowa udzu, kenako chala. Madzulo mphepo inkadutsamo n'kupendeketsa lawi la nyali, ndipo Tiyanjane anayamba kutsokomola. Dolika anakokera mphasa pakati pa chipinda, natseka mng'aluwo ndi nsanza. Ankadziwa chimene ankaona. Ngati mawawa okha achita izi, mvula ya dzinja idzapeza ngodya imeneyo itafewa ngati phala, ndipo nyumba imene Lufeyo anaumbira njerwa ndi manja ake idzagwada. Anatumiza uthenga kwa a Yotamu kuti abwere adzamete maliro.

Anabweradi, masana ena a Julaye ozizira mpaka m'mafupa. Koma sanabwere ndi akuluakulu a kubanja. Anabwera ndi bambo wina wa jekete yachikopa, amene sanayang'ane nyumba kapena mwana. Maso ake ankayeza bwalo, kuchokera kumpanda kukafika kumsewu, monga amayezera anthu ofuna poyanika matabwa.

A Yotamu analowetsa chala mumng'alu muja, napukusa mutu mwachisoni chopitirira muyeso. Anthu anali atayamba kusonkhana chapatali.

"Mwaona, alamu? Zonse ndamva. Kugogoda, mabowo, za munthu wa pachitunda. Malemu sakufuna munthu muno. Mudikira kuti akugwetsereni khoma pamwana? Longedzani mubwerere kwanu. Malowa tiona ife chochita nawo."

"Nanga kumeta?"

"Tidzakuitanani konko."

Pamenepo Dolika anaona zonse poyera. Anthuwa sankachedwa chifukwa cha mwambo. Ankadikira madzi kuti awagwirire ntchito. Ndipo kwa nthawi yoyamba anayang'ana alamu akewo m'maso.

"Alamu, mng'ono wanu munkamudziwa?"

"Funso lanji limenelo?"

"Ine ndinkamudziwa. A Lufeyo ankandiuza kuti ndiyang'ane pansi kuopa kuti kachitsotso kangandilowe m'diso. Munthu wotero lero andigwetsere khoma pamwana wake? Ayi. Ngati akugogoda ndi iwo, sakundithamangitsa. Ngati ndi wina, andipeza pamwambapo, tikambirana konko."

Anatembenuka, napita kuseri kwa khitchini. Anthu anatsatira chapatali. Anawerama kuti amasule waya, koma anangoima. Macheka, nkhwangwa ndi chikwanje zinali zomangidwabe. Waya wa makwerero yekha ndiye anali womasula kale, wokulungidwa bwinobwino n'kukolekedwa pamsomali, monga ankachitira Lufeyo, amene sankataya ngakhale kachidutswa ka waya.

"Mwaona!" anakuwa a Yotamu. "Wakhala akuzigwira kale mkaziyu!"

"Ine ndinadutsa pano m'mawa," anatero a Nankhoma motsitsa. "Anali womanga."



Makwererowo anali olemera, onyowa. Dolika anawakoka yekha, nawadzutsa movutikira pakhoma. Miyendo yake inatsetsereka pamatope n'kukalowa yokha m'mabowo awiri aja. Anatembenukira anthu.

"Ndani andigwirira?"

Amuna anayang'ana zala za kumapazi. Wina kumbuyo ananong'ona kuti mkazi kukwera denga, wamasiyenso, zimenezi sizinaonekepo. A Yotamu anapinda manja.

"Ine ndanena. Chimene chimuonekere mwanayo, mudzalire nokha."

A Nankhoma anasendera pang'ono.

"Mwana wanga, makwerero amenewo sindingagwire, ndisakunamize. Mtima wanga ndi wa nkhuku. Koma bwera naye kuno Tiya." Anamasula mwana kumsana kwa Dolika, namubereka okha. Kenako anavula juzi yawo, namuveka Dolika, nam'manga chitenje molimba m'chiuno monga amam'mangira mayi wopita kukachira. "Ndiima pampanda apo. Sindichoka."

Dolika anaponda mtanda woyamba. Unali woterera. Anaponda wachiwiri.

Pamenepo nkhungu inatsika. Inabwera kuchokera kunkhalango mwakachetechete, inameza mpanda, inameza anthu, inameza khitchini. Pofika pakati pa makwerero, Dolika sankaonanso pansi kapena denga, ankangoona manja ake ndi mtanda wotsatira. Mawu a anthu ankamveka ngati ochokera tsidya la mtsinje. Mitengo ya paini, imene siikhala chete, inangoti zii.

Atatambasula dzanja kuti agwire ngalande, matope ofewa aja anagonja. Mwendo umodzi wa makwerero unamira, nsonga yake inayamba kukwekwesa khoma ikupita kumbali. Dolika anamva thupi lake likupendekera kumene kunalibe chogwira. Sanakuwe. Anangoganiza za mwana.

Makwerero anaima.

Sanaime ngati chinthu chakodwa. Anaima ngati agwidwa. Anabwerera pang'onopang'ono mpaka anawongoka, kenako ananjenjemera kamodzi, monga amachitira munthu akaponda mtanda wapansi kuti alimbe.

"Amayi Nankhoma?" anaitana Dolika.

"Ndili kuno kumpanda, mwana wanga!" Mawuwo anachokera kutali, kumanzere. "Uli bwino?"

Dolika anagwiritsitsa mtanda. Fungo la utuchi wa paini linali litakwera kuchokera pansi pake, lamphamvu ngati wangocheka kumene. Tsitsi linamuima. Khosi linkafuna kutembenuka lokha kuti aone, koma analiumitsa. Ankadziwa kuti akaona chilichonse, manja ake amasuka.

"Mwagwira?" anafunsa motsitsa.

Paipi inalira pambali pake. Du.

Misozi inam'tentha m'maso, koma mtima unakhala pansi mwa mtundu wina. Anapukuta nkhope paphewa.

"Ndiye yang'anani pansi," anatero, mawu akuduka, "zinyalala zingakuthireni m'maso."

Anakwera mitanda yotsala. Ngalande inali yodzadza mpaka pakamwa ndi madzi akuda ozizira ngati mpeni, masamba ovunda atapanga chiphala. Nsonga za mapaso zinali zitayamba kuda ndi chinyezi. Anayamba kukokolola ndi manja, akuponya pansi, kukokolola, kuponya, kufikira pamene mkono unkathera. Zala zinafa dzanzi. Ndipo anazindikira, osafuna kuzindikira, kuti zinyalala zimene ankaponya kumanja zinkamveka zikugwa pamatope kuti phwa, koma zimene zinkagwera pansi pake penipeni sizinkafika pansi msanga. Zinkayamba zagwera pa chinthu.

Masamba anatha pangodyapo, koma madzi sanasunthe. Analowetsa dzanja kufunafuna pakamwa pa paipi. Zala zake zinakhudza chinthu chofewa, chozungulira, chaubweya ngati mutu wa munthu.

Apo ndiye anatsala pang'ono kugwa. Anachotsa dzanja msangamsanga. Makwerero analimba zolimba, osagwedera ngakhale pang'ono, ngati akumudikira.

"Kaya ndiwe ndani," anatero Dolika akukukuta mano, "m'nyumba mwanga utuluka lero."

Anabwezeramo dzanja, nagwira, nakoka. Chinakana. Anakokanso ndi mphamvu zake zonse. Chinazuka kuti phu, ndipo nthawi yomweyo madzi onse a m'ngalande anathamangira pabowo. Paipi inabangula, inanjenjemera kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo mgolo wouma uja unalira ngati ng'oma. Kumpanda anthu anakuwa, ena anathawa.

Dolika anayang'ana chimene chinali m'dzanja lake. Chinali chakuda ndi matope, chopindidwa mwaluso kuti chikwane pabowo. Atachifinya, ulusi wofiira unaonekera. Anaona mfundo zake zomwe, zothina, zokhota, za munthu wophunzira kumene kuluka.

Chipewa chija sichinatayike. Lufeyo ankatsekera nacho pakamwa pa paipi akamayamba kukokolola, kuti masamba asagweremo, n'kuchichotsa akamaliza. Ankachisunga pamwamba pomwepo, pansi pa lata, kumene anzake sakanachiseka. Tsiku lija anatseka, naitanidwa, osabweranso kudzatsegula. Ndipo munthu yekhayo amene akanadziwa anali atayang'ana pansi monga anauzidwira.

Dolika anaseka, akulira, ali pamwamba pomwepo.

"Abambo a Tiya, inunso! Miyezi yonseyi kugogoda, osangonena?"

Anatsika pang'onopang'ono. Phazi lake litangoponda pansi, makwerero anapepuka n'kupendekera pang'ono kumbali imene inamira ija. Panalibe munthu. Nkhungu inali itayamba kung'ambika, ndipo anthu anaonekera mmodzimmodzi, atakanirira kumpanda. Bambo wa jekete uja anali atapita kale osatsanzika. A Yotamu anali pamalo pomwe anawasiya, nkhope itatuwa.

"Anakugwirirani ndani?" anafunsa. "Ndinamva makwerero akugwa. Ndani anaphwanya mwambo?"

Dolika ankayang'ana makwererowo. Thabwa lonse linali lonyowa, lakuda ndi mawawa, kupatula malo awiri, uku ndi uku, pa msinkhu wa chifuwa cha mwamuna wamtali. Pamenepo panali pouma. Anaikapo dzanja lake lozizira lija. Panali pofunda.

"Bwerani mugwire apa, alamu."

A Yotamu sanasunthe.

"Bwerani. Si mng'ono wanu? Mukuopa chiyani?"

"Alamu, zinthu izi..."

"Munati zida za malemu zisakhudzidwe. Ndinamvera, mpaka khoma kung'aluka, mwana kutsokomola. Lero mwini wake wamasula yekha waya, wagwira yekha makwerero. Ngati pali mlandu, kaimbeni iyeyo." Anakweza chipewa chija kuti onse achione, madzi akuchucha m'mkono. "Ichi ndi chimene amafuna kuti chichoke m'nyumba muno. Osati ine."

Kenako anatsitsa mawu, monga ankalankhulira masiku onse.

"Mubwere mudzamete mng'ono wanu, apume. Mwezi uno usathe. Mukachedwanso, njira ya kwanu akuidziwa, ndipo mwaona nokha kuti ndi munthu wosatopa kugogoda."

A Nankhoma anaphulika kuseka, kuseka kwa mantha kosakanikira misozi, mwana akudumphadumpha kumsana. A Yotamu anatola chikwama chawo. Mwezi usanathe anabweradi ndi akuluakulu, maliro anametedwa, ndipo za malo sanazitchulenso.

Koma madzulo a tsiku lomwelo, anthu atabalalika, Dolika anapita pangodya paja, nagogoda paipi ndi chala. Inalira kuti ngwee, mawu oyera ofika mpaka kudenga. Anatunga madzi mumgolo, nachapa chipewa chija, nachiumitsa pamoto. Dzuwa likulowa anachikoleka pamtengo wa mpanda, kumbali yoyang'ana kunkhalango.

"Madzi atsika," anatero. "Valani, kukuzizira."

Usiku umenewo sikunagogode. M'mawa a Nankhoma anabwera ndi phale lawo lopalira moto, koma anafikira pamakwerero, nalitula pansi.

"Ngalande zotsalazo timalize lero. Ndigwira ine. Koma ndikangomva fungo la utuchi, ndikusiya pamwamba pomwepo, usadzati sindinanene."

Pampanda chipewa panalibe. A Nankhoma anati mwina galu watenga. Koma galuyo anali atagona pachipata, mutu pamiyendo, maso kunjira ya kunkhalango, mchira uli phee.

Nyumbayo ilipobe. Mukadzadutsa mudzaiona, ili ndi chipsera cha simenti chokwera pangodya, ndipo mvula ikamatha mudzapeza mayi wa imvi zapatalipatali ali pamwamba pa makwerero. Bambo wa nkhuni uja amadutsabe pachitunda paja. Akuti njinga yake sinapepukenso. Koma tsiku lina la nkhungu anaona munthu wamtali akulowa m'mitengo osacheuka, pansonga pa mutu pali kanthu kofiira, kothina.